Chotupa Chimene Anachiwotcha ndi Singano

Ukwati wanga ndi bambo a mwana wanga unatha kalekale tili kwathu ku Mponela, mwanayo akadali woberekedwa kumsana. Sitinalekane ndi ndewu. Iwo anapita ku Lilongwe kukafuna ntchito n'kukhalitsa komweko, ndipo zitamveka kuti atenga mkazi wina wa ku Mchinji, ankhoswe anangokumana n'kuithetsa nkhani. Patapita zaka ndinamva kuti ali ku Qatar, akugwira ya ulonda. Ine ndinabwera pambuyo pawo kudzera mwa ejenti wina, kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, ndipo anthu kwathu ankandiseka kuti ndawalondola. Sindinalondole munthu ine. Kumene kunapezeka ntchito n'komwe ndinapita.

Mu Doha tinkangokhala ngati anthu ochokera dera limodzi. Ankandiimbira foni pa nkhani za mwana wathu wamkazi, amene n'kuti ali ku sekondale, akukhala ndi mng'ono wanga. Tikakumana pa mapemphero a Amalawi tsiku Lachisanu tinkapatsana moni waulemu, aliyense n'kukakhala mbali yake. Iwo ankakhala ku Madinat Khalifa, m'nyumba yaikulu imene kampani yawo inaidula zipinda ndi matabwa, alonda ambirimbiri mothithikana. Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa, ndipo fodya anayamba kusuta ali mnyamata, wachingambwe wa m'chigafa cha bambo awo. Kuno anangosintha mtundu wa fodyayo.

Korona itafika, madamu anga anatseka geti. M'nyumbamo munali mayi awo okalamba, odwala shuga, choncho wantchito aliyense analetsedwa kutuluka, ngakhale kupita pa shopu ya pakona. Nkhani za kunja ndinkazimvera pa foni. Ndi pa foni pomwepo pamene mnzawo wa chipinda chimodzi anandiuza kuti bambo a mwana wanga awatenga pa ambulansi, mpweya wawathera. Anakhalitsa m'chipatala, pa okosijeni. Atatuluka anali atatha thupi, ndipo akamalankhula ankaima pakati pa mawu kuti apume. Ine ndinkati ndi mmene korona imasiyira munthu, abwereramo.

Koma pa sikani ya m'chifuwa imene anawajambula ali m'chipatala panaoneka kadontho m'mapapo a kumanja. Madokotala poyamba anati mwina n'chipsera cha matendawo. Zipsera zina zinayamba kuzilala, iko ayi. Anatapako pang'ono ndi singano kukayeza, ndipo zotsatira zitabwera anandiimbira masana, ndikusita mikanjo yoyera ya abwana.

"Mayi a mwana, akuti ndi khansa. Akuti ndibwere ndi wachibale. Ndawauza kuti ndinu."

"Ine ndakhala wachibale wanu liti?"

"Nanga nditchule ndani kuno?"

Ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi pa matailosi. Sindinalire. Ndinkangoganiza mmene ndikayambire kuwapempha madamu.

Masiku amenewo m'magulu athu a pa foni munkangomveka za malamulo atsopano: akuti tsopano munthu atha kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana, akuti atha kutuluka m'dziko osapempha, akuti wantchito wa m'nyumba naye ali ndi ofu yake pa sabata. Anzanga ankandilimbikitsa kuti ndingonena kuti ndi ufulu wanga. Koma amene amanena zimenezo sankagona nyumba imodzi ndi madamu anga. Ndinapita mwaulemu, n'kunena zoona, kuti ndi bambo a mwana wanga ndipo alibe wina. Madamu anati ndizipita, koma ndikabwerako kuchipatala ndizikhala kuchipinda cha kuseri kwa londile, kochapira zovala, osalowa m'nyumba yaikulu mpaka nditayezetsa korona. Sanali munthu woipa. Ankaopera mayi awo, monga inenso ndikanaopera anga.

Dokotala amene tinakumana naye anali mayi wovala mpango kumutu, nkhope yonse ili m'masiki, maso okha akuoneka. Chingerezi cha bambo a mwana wanga chinali cha pa geti, changa cha m'khitchini, choncho anatilankhula pang'onopang'ono uku akujambula pa pepala. Anati chotupacho n'chaching'ono, chosafika dzira la nkhunda, ndipo kwa munthu wina akanangodula mbali imeneyo ya mapapo. Koma m'mawa womwewo anali atawauza kuti auzire mpweya m'kapaipi koyezera mphamvu ya mapapo, ndipo mphamvuyo inapezeka yochepa kwambiri. Fodya wa zaka zonsezo anali atawononga kale, korona inangomalizitsa. Anati akawadula, mwina sadzachokanso pa makina opumira. Za kuwotcha ndi cheza cha makina aakulu aja anati akuopanso, chifukwa mapapo a zipsera ngati amenewo sachilandira bwino.

Inatsala njira imodzi. Dzina lake anati ndi radiofrequency ablation, koma ife kuyambira tsiku limenelo tinkangoti kuwotcha. Anati adzalowetsa singano yaitali yopyapyala kumsana, pakati pa nthiti, akuyang'ana pa makina a sikani mpaka nsonga yake ifike pakati pa chotupacho. Kenako adzatsegula magetsi, nsongayo itenthe, ndipo chotupacho chipse kuchokera m'kati. Chakufacho sachichotsa, chimatsala momwemo n'kumafota chokha mpaka kusanduka chipsera. Anatiuzanso zoopsa zake, kuti singanoyo ikaboola, mpweya utha kuthawira m'mbali, phapo n'kuphwa.

Bambo a mwana wanga anamvetsera zonse manja ali pa mawondo. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, m'Chichewa, akuyang'ana ine ngati ndine dokotala.

"Afunseni, ndichira?"

Ndinafunsa. Dokotalayo sananene kuti inde. Anati cholinga n'kupha chotupacho pamene chili, ndipo pa zotupa zing'onozing'ono nthawi zambiri zimatheka, koma khansa itha kubweranso pomwepo kapena kutulukira pena, n'chifukwa chake azidzabwera ku masikani kawirikawiri. Ndinamasulira monga ndinamvera. Iwo anangogwedeza mutu.

Tili panja kudikira takisi, anandipempha kuti mwana asauzidwe, poti chaka chotsatira ankalemba mayeso a fomu folo. Ndinavomera. Koma atanena kuti akazi awonso asadziwe, ndinakana. Ndinati sindingasenze ndekha chinthu chimene mwini wake alipo, ndipo akapanda kuimba iwo ndiimba ndine. Anaimba. Patapita masiku, mayiyo anandiimbira yekha. Tinali tisanalankhulanepo. Ndinkayembekezera mawu olasa, ndipo poyamba analipo ndithu, anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti ine ndidziwe iye asanadziwe. Ndinamuyankha kuti n'chifukwa choti ine ndili pafupi, palibenso china. Kumbuyo kwake ndinkamva nkhuku ndi ana.

"Achemwali," anatero, "ine kumeneko sindingafike. Muwaonere ndinu. Koma musandibisire kanthu."

Ndinamulonjeza, ndipo ndinasunga lonjezolo mpaka pa mapeto.

Tsiku lowotcha sanandilole kulowa. Ndinakhala m'khonde, pa mipando imene wina uliwonse wachiwiri unali womata tepi kuti anthu atalikirane. Zimene zinachitika m'katimo anandifotokozera okha pambuyo pake. Anati anawagoneka chafufumimba, n'kuwamata zinthu zozizira pa ntchafu zoti magetsi azitulukira. Anawabaya jakisoni wa dzanzi ndi wina wowodzeretsa, koma sanagone tulo, ankamva mawu akuwauza kuti agwire mpweya, atulutse, agwirenso. Kwa munthu wa mapapo ngati awo, anati kugwira mpweyako n'kumene kunali kovuta kuposa singano. Atatsegula magetsi anamva kutentha kukufalikira m'kati mpaka pa phewa, thukuta lili kamukamu, ndipo anati ankafuna kutsokomola koma ankaopa kuti singano isuntha.

Zimene dokotala anachenjeza zinachitikadi. Phapo linaphwa mbali ina, ndipo anawaika kapaipi m'nthiti kotulutsa mpweya. Anagonanso m'chipatala, thupi likutentha, makhololo akutuluka ndi timagazi. Ku wodi sankalola alendo. Ine ndinali kuchipinda changa cha kuseri kwa londile, chakudya akundisiyira pakhomo, ndipo tinkaonana pa vidiyo. Nthawi zina sitinkalankhula n'komwe. Ankangoimika foni pa kabati n'kumapuma, ine n'kumapinda zovala, mpaka nesi abwere.

Sikani yoyamba inatiopsa. Chinthucho chinaoneka chachikulu kuposa kale, ndipo iwo anandiyang'ana ngati munthu amene wanamizidwa. Dokotala anati ndi mmene zimakhalira, chifukwa amawotcha ndi mnofu wozungulira womwe kuti pasatsale kanthu, ndiye bala limaoneka lalikulu lisanayambe kuchepa. Pa sikani yotsatira linali litachepadi. Dokotala anati inshala, Mulungu akalola, ifenso tinati inshala.

Miyezi imene inatsatira ndi yokhayo imene ndingaitche yabwino. Kunja kunazizira, malamulo a korona anafewako, ndipo madamu anayamba kundipatsa ofu Lachisanu popanda kupempha. Bambo a mwana wanga fodya anasiya. Nkhope inabwereramo pang'ono. Tsiku lina tinakumana ku Fereej Bin Omran kwa mayi wina wa kwathu wogwira ntchito mu hotela, amene anatiitana kukadya. Nyumba yake inali pamwamba ndipo lifiti inali itafa. Bambo a mwana wanga anakwera masitepe akupumira pa kona iliyonse, ine ndili pambuyo pawo, ndipo titafika pamwamba anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali nditakuiwala. Pobwerera anandiperekeza mpaka pokwerera basi. Anayamba kunena kuti akamaganiza za ku Mponela amaona kuti sanachite bwino, ndipo ndinawadula. Ndinati zimenezo azisiye, ali ndi banja lawo, ine ndikuthandiza bambo a mwana wanga basi. Anati chabwino. Sanazitchulenso, ndipo sindidziwa ngati ndinachita bwino kuwatseka pakamwa.

Ntchito ndi imene inayamba kuwavuta. Ankalondera pansi pa nyumba ina ya mashopu, poimika magalimoto, malo a utsi ndi otentha, ndipo shifiti yonse inali yoimirira. Anapempha supavaiza kuti awasinthe, ndipo anawaika pa geti ya panja. Nyengo yozizira zinkatheka, koma dzuwa litabwerera zinakanika. Apa anakumbukira za lamulo latsopano lija. Anayamba kufunsira ku makampani ena, akufuna ntchito yokhala pansi, yoyang'ana makamera. Kwina anawaitana ku intavyu. Anandiuza kuti zonse zinkayenda bwino mpaka chifuwa chinawagwira pakati pa mafunso. Anthu aja anakankhira mipando yawo kumbuyo, wina n'kutsegula chitseko. Anayesa kufotokoza kuti si korona, koma atanena chimene chinali, nkhope zawo zinasintha mwa mtundu wina. Anati awaimbira. Ufulu wosintha ntchito unalipo ndithu, koma wowalemba ntchitoyo sanapezeke.

Kenako msana unayamba kuwawa. Ankati ndi bedi la pamwamba limene ankagonapo, ndipo mnzawo anasinthana nawo kuti azigona pa la pansi. Sizinathandize. Ankati ndi nsapato. Ine ndinkauza akazi awo zonsezi, ndipo tonse awiri tinkavomerezana kuti mwina ndi bedi, mwina ndi nsapato, aliyense akudziwa kuti mnzake sakukhulupirira.

Pa sikani imeneyo dokotala anayamba ndi kutionetsa malo owotcha aja. Anati pamenepo zinatheka, chatsala n'chipsera chokha, chakufa. Kenako anasuntha chithunzi. Panali timadontho m'phapo linalo, zotupa pakati pa chifuwa, ndi china pa fupa la msana. Bambo a mwana wanga anafunsa okha ulendo uno, m'Chingerezi chawo cha pa geti, ngati angathe kuwotchanso.

Dokotala anati singano imagwira ntchito pa chotupa chimodzi kapena ziwiri zimene zakhala malo ofikirika. Izi zinali zambiri, zina pafupi ndi mitsempha ikuluikulu, ndipo kuoneka kwake kunkasonyeza kuti matenda alowa m'magazi. Anati n'kutheka kuti zinalipo kale tsiku lowotcha lija, zili zazing'ono zosaoneka pa makina.

Madokotala anayesa mankhwala a khansa a m'diripi. Thupi linakana. Ankasanza, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo chibayo chinawagwira n'kuwabwezera pa okosijeni. Atadzuka pamenepo madokotala anakambirana nawo, ndipo anagwirizana zosiya. Anawapatsa mankhwala opha ululu okha.

Kampani inawapirira kwa kanthawi, sindinganame. Koma kontirakiti itatha sanaiwonjezere, ndipo chilolezo chokhala m'dziko muno chimayenda ndi ntchito. Amalawi anzathu anati pali njira yopemphera kuti wodwala atsale akulandira chithandizo, ndipo ena anadzipereka kuyenda nazo. Ine ndinkafuna atsale. Kuno kunali okosijeni, kunali mankhwala, kunali ambulansi yobwera ukaimba. Ndinawauza zimenezi Lachisanu lina, atakhala pa bedi lawo ku Madinat Khalifa, atatsamira khoma la matabwa.

"Khalasi, basi zakwana, mayi a mwana," anatero. "Ndikufuna ndikwere ndege nditakhala pa mpando. Sindikufuna kupita m'bokosi, pamodzi ndi masutikesi a anthu."

Anapumira pang'ono, kenako anati lamulo latsopano lija lawathandiza pa chimodzi, poti tsopano akupita kwawo osapempha bwana. Anayesa kuseka koma chifuwa chinawatsekereza.

Ndinawalongedzera chikwama ndine. Munalibe zambiri: zovala zimene tsopano zinkawakulira, nsapato za ana awo a ku Mchinji, foni imene anagulira mwana wathu, ndi mankhwala. Yunifolomu anabweza ku kampani. Mlonda mnzawo amene ankapita ku holide anavomera kuyenda nawo. Ku eyapoti opanda tikiti sankalowa, choncho tinatsanzikana panja, pamene matakisi amatsitsira anthu, wapolisi akutiuza kuti galimoto isachedwe. Bambo a mwana wanga anali pa njinga ya odwala. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo, ndipo anati ndimuuze mwana ndine asanafike, kuti asadzadzidzimuke.

Ndinamuuza madzulo ake. Anandifunsa kuti ndadziwa liti, ndipo nditamuyankha anadula foni. Kwa nthawi yaitali sankayankha mauthenga anga. Ndinamva kwa mng'ono wanga kuti mwanayo wanyamuka kupita ku Mchinji, kwa mayi amene sanawadziwepo, kukadwazika bambo amene anamusiya ali kumsana. Sukulu anaisiya pakati pa teremu.

Za kumeneko ndinkazimva kwa akazi awo, amene tsopano ndi iwo ankandiuza ine osabisa kanthu. Anapita nawo kuchipatala chachikulu mumzinda, atanyamula zithunzi zonse za ku Doha. Dokotala wa kumeneko anaziyang'ana n'kunena kuti anzake anachita zonse zimene zikanatheka, ndipo anawapatsa mankhwala amadzi opha ululu, akumwa ndi kasupuni. Akatha, ankayenda ulendo wautali kukatenga ena, ndipo nthawi zina ankabwerako chimanjamanja. Miyendo inasiya kugwira ntchito chifukwa cha chotupa cha pa msana chija. Ankawanyamula kuwatulutsa pa khonde m'mawa kuti apeze mpweya. Achibale ena anabweretsa mankhwala a zitsamba, ena anabwera ndi mapemphero, ndipo iwo ankalandira zonse osatsutsa. Ndinalankhula nawo komaliza pa vidiyo mwana wathu atagwira foni. Sanathe kunena zambiri. Anangofunsa ngati kuno kwayamba kuzizira.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Ku maliro sindinapite. Mayi a madamu anali atagonekedwa m'chipatala sabata yomweyo, ulendo unali wovuta ndi zoyezetsa korona, ndipo kunena zoona sindinkadziwa kuti ndikakhala pati pa siwa, poti wamasiye analipo kale. Tsiku loika ndinagwira ntchito monga mwa masiku onse. Madamu ataona maso anga anandiuza kuti ndikapume, ndipo ndinakakhala kuchipinda changa mpaka dzuwa kupendeka. Lachisanu lotsatira Amalawi anzathu anaimba nyimbo ziwiri za maliro pa mapemphero, ena n'kubwera kudzandipepesa, ena osadziwa ngati n'koyenera.

Mwana wathu anabwerera ku sukulu n'kulemba mayeso, koma sanakhoze bwino. Ndinamupempha kuti abwereze, anakana. Tinayambanso kulankhulana, ngakhale si monga kale. Amandiyankha mwaulemu, mwachidule, ngati akulankhula ndi aphunzitsi. Chaka chatha anandiuza kuti akufuna kubwera kuno kudzagwira ntchito mu hotela. Ndinamuuza za kutentha, za kuimirira tsiku lonse, za mmene munthu amakhalira yekha akadwala. Anati zonsezo akuzidziwa, koma kumudzi akhala akuchita chiyani. Ndakhala ndikukana, ndipo mng'ono wanga akuti pasipoti ya mwanayo inatuluka kale, ili kwa ejenti.